Pasiwedi Imene Ndinakaniza Amalume

Lungwena,
Mangochi.
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene Amidu,

Salamu aleikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Debeniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalatayi ndapatsira Che Ayub amene akukwera basi ya ku Joni mawa, muipeza m'phukusi la utaka. Ndikanatha kukuyankhani pa foni tsiku lomwe lija munandikalipira, koma mawu anu aja munawatumiza pa foni ya amayi, ndipo amayi anawatsegula pakhonde anthu atadzaza. Mpaka mayi wogulitsa zitumbuwa uja anamva kuti Ajira wayamba matama. Zikomo kwambiri, achimwene. Ine ndasankha pepala kuti muwerenge nokha.

Munati sukulu ya makompyuta imene munanditumizako yandisandutsa mzungu. Imvani kaye zimene amatiphunzitsa kumeneko. Miyezi yoyamba kunali kudula mawaya ndi kuwalumikiza mpaka zala kutupa, kenako kuphunzira kuti kompyuta iliyonse ili ndi adiresi yake, ndiponso kuti rauta, kabokosi kothwanimathwanima kaja, ndi kamene kamalondolera uthenga kopita. Tsiku lina aphunzitsi athu, Madamu Benedicta, anatiuza tonse kuti tilowe pa wayifayi ya m'kalasi. Iwo anakhala phee pa laputopu yawo, posakhalitsa pakhoma panaoneka zithunzi za m'kompyuta ya mnzathu wina, ali chovala kabudula akusamba kunyanja. Tonse tinafa nacho chiseko, iwo ayi. Anati, "Sindinathyole kalikonse. Munthu ukamupatsa pasiwedi wamulowetsa m'nyumba, ndipo ambiri a inu zitseko za kuchipinda simutseka." Mawu amenewo anandikhala mumtima.

Monga mukudziwa, anandipezera poyeserera ntchito pa kachipatala ka eni ake pano pa Lungwena. Nditafika ndinapeza pasiwedi yamatidwa pakhoma ngati kalendala, anyamata a pamsika ali ndandanda kuseri kwa mpanda kukopera mafilimu. Chonsecho m'makompyuta a pamenepo muli zotsatira za magazi a anthu a m'midzi yonse ino, nkhani zimene munthu sauza ngakhale mkazi wake. Ndinasintha pasiwedi, ndinatseka zofunika kutseka. Adokotala eni chipatala anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Tikuidziwa awiri, iwe ndi ine. Ikatuluka, nawenso utuluka."

Ndiye Lachisanu lina, atatuluka ku mapemphero a Juma kumzikiti, amalume Che Wadi anatulukira pachipatala ndi anzawo, mkanjo uli mbee. Anangonditambasulira foni n'kuti, "Ajira, tandiikira zija." Achimwene, ndinagwada pansi pamaso pa odwala onse. Ndinati, "Amalume, pepani, si yanga, ndangosungitsidwa." Foni ya amalume inunso mukuidziwa. Imagona kwa ana awo, imapita kwa okopera nyimbo kumsika, imalandira chilichonse chimene munthu watumiza. Mavayirasi amene ali mmenemo ndi ochuluka kuposa nsabwe za m'bulangete la kundende. Koma zimenezo ndikananena bwanji pagulu? Iwo anaseka pang'ono, anabweza foni m'thumba, n'kuti, "Ine ndinakuombola ku chinamwali cha nsondo, lero ukundiuza za kusungitsidwa." Ananyamuka osatsanzika.

Musaganize kuti ndinangokhala manja lende. Ndinapita kwa Madamu Benedicta ndikulira, iwo anandiphunzitsa kugawa netiweki pawiri, mbali ya chipatala payokha, mbali ya anthu obwera payokha, pakati n'kuikapo chotchinga choti wa kunja asaone za m'kati. Adokotala anavomera. Ndinalimbana nazo Loweruka ndi Lamlungu, ndikulakwitsa, ndikuyambiranso, mpaka zinatheka. Aka kanali koyamba kupanga chinthu chotere ndi manja anga, ndipo ndinathamangira kwa amalume ndi chimwemwe ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ndinawaikira pasiwedi ya mbali ya anthu obwera, titafika pachipatala intaneti inagwira, anamwetulira. Ine ndinati basi yatha.

Sinathe. Patapita masiku ochepa anaona akabaza ndi amayi ogulitsa usipa akugwiritsa ntchito yomweyo. Anabwera kunyumba atafiira maso, n'kuuza amayi kuti, "Mwana wanuyu wandiika kunja kwa mpanda pamodzi ndi akabaza. Ine ndikufuna imene amalowera iyeyo." Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti amalume sankafuna intaneti ayi. Ankafuna kuti mudzi uone kuti mwana wa mlongo wawo alibe chitseko chimene angawatsekere.

Zotsatira zake mwina amayi sanakuuzeni bwino. Loweruka la masabata awiri apitawo ndi limene akwawo kwa Sadik anabwera kudzandifunsira mbeta. Tinasesa bwalo, tinayala mphasa, amayi anaphika mpunga ndi nkhuku. Alendo anafika m'mawa, amalume, eni mbumba, osaoneka. Amayi anapita okha kukawatenga, anabwerako okha. Uthenga wake unali wakuti, "Wapeza amalume ena, kabokosi kaja kamuyankhulire." Alendo anakhala mpaka kumzikiti ataitanira mapemphero a Asiri chakumadzulo, chakudya osachikhudza. Potsiriza amalume ake a Sadik anatenga ndodo yawo n'kuti, "Tinabwera kudzaona eni ake a mwana, koma taona mphasa." Ine ndinali m'nyumba ndikumva zonse, m'manja nditadzikongoletsa kale ndi hina. Sindinachitepo manyazi otere chibadwire.

Tsopano aliyense wasanduka mlangizi wanga. Amayi akuti pasiwedi ndi timawu chabe, sitidyedwa. Sadik naye anati, "Ungowapatsa lero, mawa usinthe." Kodi iye akuganiza kuti vayirasi imadikira mawa? Nanga ndikasintha, mkuja amalume sadzabweranso ndi foni yomweyo? Ndiye kuti moyo wanga wonse ndizingobera adokotala kuti amalume asakwiye. Ndinamuuza choncho Sadik, anangoti ndaumitsa mutu, ndipo chichokere tsiku limenelo sanaimbenso. Dzulo ndamva kuti amayi ake anaoneka ku Malindi, pakhomo pena pamene pali mtsikana amene wangomaliza Folomu 4.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi inu, achimwene. Inu kumeneko mumalondera geti la sitolo ya eni ake. Amalume atatsika basi lero n'kukuuzani kuti muwapatse makiyi akagone m'kati, mungawapatse? Mungakane, ndipo kuno anthu anganene kuti Amidu ndi mwamuna wokhulupirika pantchito. Koma poti ndakana ndine, mwana wamkazi, ndi mwano. Munanditumiza kusukulu kuti ndikaphunzire kuteteza zinthu za anthu, ndaphunzira, ndiye mukundikalipira chifukwa ndamva zimene aphunzitsi ananena. Bwenzi mutangondisiya ndizikazinga kanyenya pamsika, bwenzi pano ndili pabanja.

Ndikuuzeni poyera kuti pasiwedi sindinapereke ndipo sindipereka. Sikuti ndikusangalala nazo. Sadik ndimamukonda, ndipo ndikamakonza mawaya pantchito misozi imangotsika yokha, odwala n'kumayesa kuti ndine namfedwa. Mwezi wamawa tili ndi mayeso omaliza, koma ndikatsegula buku palibe chimene chikulowa.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu mlongo wanga wamkulu, mwambo ukukulolani kuima pamene amalume akana kuima. Sindikunena kuti musiye ntchito mubwere. Muimbire amalume ake a Sadik, muwauze kuti mwanayu ali ndi eni ake, abwerenso. Nambala yawo Che Ayub ali nayo. Mukachedwa mupeza nkhani ya ku Malindi yapsa kale.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Moni wa amayi sindingakupatsireni poti sitikuyankhulana, chakudya changa amangochisiya pakhomo la chipinda. Amalume ali bwino, ndimawaona akudutsa panjinga, nkhope atayang'ana kumbali. Mulungu akusungeni kumeneko.

Nsalu ya ukwati wa nikah munati mukagula kumapeto a mwezi ija, ngati foniyo simuimba, musavutike nayo. Muwagulire ana nsapato.

Ine mlongo wanu,
Ajira