Chiseko cha Nambala 4

Lolemba, 3 Malichi
Anthu khumi ndi awiri, malo amodzi: mayi wamasiye m'sewero lathu latsopano. Wosankha ndine. Pamndandanda pali mwana wa Mfumukazi! Mfumukazi yemwe uja wa pa TV, amene chiseko chake ana amachiyeserera m'misewu. Ndikamutenga mwanayo, ati ndagulidwa ndi dzina. Ndikamusiya, ati nsanje. Mutu waima.

Lachiwiri, 4 Malichi
Mlamu wanga, woyatsa magetsi pasiteji, wabwera ndi nzeru. Tipachike nsalu, aliyense alandire nambala, ine ndizingomva mawu. Mayina awasunge iye mu envulopu. Ndamasula katani wa kuchipinda kwathu. Bambo akunyumba: "Ndiye tizivala dziko likuonera?" Apirire, si chaka.

Lachinayi, 6 Malichi
Zatheka. Holo kutentha, fani wakufa. Nambala 2 anaiwala mawu n'kuyamba kupemphera. Nambala 9 mawu otsika, osathamanga, mpaka mlamu kupukuta m'maso. Ndamupatsa malikisi 8 pa 10.
Nambala 4 nayenso moto. Koma chapakati, chiseko chija: kuwomba m'manja kawiri, kenako "hehede!" Ndendende Mfumukazi. Mumtima ndinati ndakugwira mwana iwe, wabwera ndi katundu wa mayi ako. Ndinali nditalemba kale 8. Labala, fufutu, 5.
Ndabwerera kunyumba ndikuimba. Chilungamo ngati changa kulibe!

Lachisanu, 7 Malichi
Tatsegula envulopu. Mwana wa Mfumukazi ndi nambala 9. Akuti chiseko chija amadana nacho chiyambire ku pulayimale, anzake ankamuvutitsa nacho.
Nambala 4 ndi mayi wina telala wa pamsika. Zisudzo anaphunzirira pa TV uku akupalasa makina.
Mlamu waseka mpaka kugwetsa benchi: "Alamu, mwamulanga munthu chifukwa cha mayi amene sanamubereke!" Ndaseka nawo, koma manyazi andigwira zedi. Ndinabisa nkhope zawo, mtima wanga osaubisa. Pepala ndaliyang'ana padzuwa. 8 uja akuonekabe pansi pa 5.

Lolemba, 10 Malichi
Masiku awiri ndikuzengereza. Lero ndapita kumsika. Ndawapeza tepi ili m'khosi, mapini kukamwa. "Mwabwera kudzayezetsa?" Ndawauza zonse, za labala zomwe. Anachotsa mapini kukamwa. Kenako kuwomba m'manja kawiri, "hehede!" Msika wonse kutembenuka.
Akuti: "Mundimverenso, mayi. Koma katani ayi. Ulendo uno mundione."
Mwana wa Mfumukazi ndamuimbira kuti naye ayesedwenso. Wavomera mosangalala. Akuti aka n'koyamba munthu kumuuza kuti akhoza kulephera.
Katani wabwerera kuchipinda, bambo akuyenda monyada ngati agula watsopano.
Mawa 9 koloko, onse awiri, poyera. Wopambana sindikumudziwa, ndipo zikundikomera. M'chikwama ndaikamo bolopeni. Labala atsala kunyumba.