Mtengo wa Thandazani

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Magetsi anabwera m'mawa, n'kupitanso madzi asanawire. Akuti damu la magetsi la Kariba lauma. Kutentha koopsa. Firiji yangosanduka kabati. Insulini ya a Tembo, amuna anga, ndaikulunga m'nsanza yonyowa n'kuika mumtsuko. Nesi anandichenjeza kuti ikatenthedwa imatha mphamvu.

Towela, mwana wathu wamkazi, waimba foni kuchokera ku Kitwe. Watigulira sola! "Mami, simuzagulanso malasha. Sola ipulumusa mitengo." Ndavina ndekha m'khitchini, nkhalamba yopanda manyazi.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kwathu kuno ku Chelstone madenga onse amera magalasi a sola. M'tauni ngakhale ogulitsa nsapato asanduka akatswiri a sola. Towela watitumizira a Hamad a ku Kabwata, oika mapanelo. Akwera padenga, atsika akupukusa mutu. "Amai, mango iyi yavala nyumba yonse na mthunzi. Mapanelo yafuna zuba. Ngati simujuba, palibe chamene tizachita." Ndati angosadza nthambi. Akuti thunthu lenilenilo ndi limene lagonera denga.

A Tembo osaganiza n'komwe: "Dulani, si mtengo chabe?"

Ndati ndiganize kaye.

Lachinayi, 10 Okutobala

Si mtengo chabe. Pansi pake pali mchombo wa Thandazani, mwana wanga woyamba. Utagwa, ine ndili m'chikuta, apongozi anaukwirira kuseri kwa nyumba n'kubzalapo mango. "Za m'chikuta sauza mwamuna, ngakhale bambo wa mwana." Ndinalonjeza. Apongoziwo anatisiya kalekale, wodziwa ndatsala ndekha.

Thandazani anafera ku Joni. Anzake anamuika komweko, ife osaona ngakhale bokosi. Manda ake sindiwadziwa. M'mawa uliwonse ndimasesa pansi pa mtengowu, anthu n'kumati mayi uyu ndi waukhondo.

Mwana wanga, ndakusowa.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndauza a Hamad adikire. Mapanelo ali m'makatoni pabalaza, tikuchita kuwalambalala. A Tembo sakundilankhula, akuti ndikukalamba ndi makani. Towela walira pa foni: "Mufuna badadi bafe chifukwa cha mango?" Kutchalitchi ndangokhala, ulaliki osaumva.

Chaka chino mtengo uja wabereka mpaka nthambi kuwerama.

Lachisanu, 18 Okutobala

Kuchipatala kuyambira Lachiwiri. A Tembo anagwa pakhomo la bafa, shuga atakwera. Insulini ija inali itafera mumtsuko, ine ndikungowabaya madzi. Dokotala wandifunsa ngati tili ndi firiji. Ndati tili nayo.

Mmodzi ndinataya kale. Ndawaimbira a Hamad.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndinathawira ku Woodlands kwa Rhoda, mng'ono wanga, kuti ndisamve makina odulira mtengo. Tiyi wake ndamusiya mpaka kuzizira. Pobwera, kuseri kwa nyumba kuli mbee, dzuwa lokhalokha. Ana a kwa aneba akulimbirana mango osakhwima. Mitengo yonse watenga wootcha makala, kuthokoza mpaka kugwada.

Chitsa ndinapempha kuti asazule. A Hamad sanafunse chifukwa.

Lachitatu, 23 Okutobala

Firiji ikulira. Msewu wonse ulibe magetsi, ife tili nawo. Aneba pamzere ndi mafoni awo, aliyense akuti tadala.

A Tembo atuluka m'chipatala, nkhope yabwerera. Atunga madzi ozizira m'kapu n'kukakhala pachitsa, miyendo tambalale. Andipeza ndi misozi, aseka. "Amake Thanda, mulilila mutengo? Mango nizakugulilani ku maketi ya Soweto m'tauni, thumba lonse."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Munthu wangochira kumene, wakhala pa mwana wake akumwa madzi. Ndikanena lero, moyo wawo wonse adzati anamudula ndi iwo.

Ndangoti alowe m'nyumba, nthawi ya jakisoni yakwana.