Njoka ya pa Njerwa za Khitchini

Amayi,

Pepani kuti ndikukusokonezani pomwe mukupumula. Munatopa nafe kale, ndipo ndikanakhala ndi wina womufunsa sindikanakudzutsani. Kodi kumeneko muli bwanji? Mwendo uja unaleka kuwawa? Ndine mwana wanu Elube. Ndikulemba nditakhala pakhonde, mapazi nditawakweza pamtondo, chifukwa masiku ano sinditha kuponda pansi ndisanayang'ane kawiri.

Ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inu. Mdzukulu wanu Tadala, mwana wanga woyamba uja, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Esinala. Anabadwa wochepa thupi, choncho kuchipatala anawasunga kuti ayambe wanenepako. Ndinakamuona. Tizala take n'tating'ono ngati timitengo ta machesi, koma kulira kokha ndi kwanu, kumamveka mpaka panja. Akutuluka Lachisanu likubwerali.

Chimanga chaka chino sichinachite bwino, mvula inadula chili pakati. Nandolo ndiye watipukutako misozi. Nkhokwe tinasiya chifukwa cha akuba, matumba onse tinaunjika m'chipinda chanu chija. Ndi momwemonso Tadala adzagone ndi mwana, poti nyumba yawo sanamalize kufolera. Khitchini lanu linagwa ndi mvula ya chaka chatha. Njerwa zake ndinaziunjika bwinobwino kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera la chipindacho, kuti tidzamangirenso. Apa ndi pamene pali nkhani yanga.

Lamulungu lina madzulo, masabata awiri apitawo, ndikukatenga nkhuni kuseriko, ndinaona njoka ikulowa m'njerwamo. Ndinaona msana ndi mchira wokha. Kutalika kwake mwina ngati mpini wa khasu, kunenepa ngati chala changa chachikulu cha kuphazi, mtundu wake ngati tiyi wothira mkaka pang'ono. Nkhuni ndinataya pomwepo, ndinakazindikira ndili kumsewu, silipasi imodzi ndilibe.

Inu simunkathawa. Ndikukuonani mpaka lero, mutawerama pang'ono, manja kumbuyo, mukuyang'ana njoka ngati mukusankha nsalu pamsika wa Migowi. Munkati, "Njoka ndi kumutu, Elube, michira yonse ndi imodzi." Munkasiya namasamba, kanjoka kobiriwira kaja, kazisewera mumtengo wa mango, mukuti kakusaka abuluzi, kalibe mlandu ndi munthu. Kakuda konyezimira kotuluka m'nthaka mvula ikagwa, kamene anthu amati kali ndi mitu iwiri, munkakanyamula ndi khasu n'kukakaika m'munda.

Za njoka zofiirira munandiuza kambirimbiri, ndipo mawu ake ndinasunga onse. Munati zilipo ziwiri zofanana msana. Yoyamba ndi chakusa, yodya makoswe, yopanda ululu. Imeneyo ili ndi mizere yoyererako kumutu, yochoka pamphuno kudutsa pamaso, ngati mwana wapaka ufa ndi chala. Munkaitcha mlonda wosalipidwa, ndipo ina inakhala pansi pa nkhokwe yathu zaka zambiri inu mukuletsa aliyense kuikhudza. Yachiwiri ndi mamba yolavula ija. Ilibe mizere, imadzutsa mutu, kufufumitsa khosi, pakhosipo pali madontho akuda, ndipo imalowa m'nyumba anthu akagona. Mawu ndinasunga, amayi, koma maso sanasunge kanthu. Mukati bwera udzaone, ine ndinkabisala kumbuyo kwa chitenje chanu nditatsinzina.

Ndachita zonse zimene ndikukumbukira. Munkati bwalo losesa madzulo silinama m'mawa. Ndiye dzuwa likamalowa ndikumasesa kuseriko mpaka fumbi lisalale, n'kuwazapo phulusa, kukacha n'kukawerenga. Mkukuluzi wake ndi wokhotakhota. Si wowongoka ngati tayala la njinga, choncho mphiri si imeneyi, pamenepo pokha mtima unatsikako. Imachoka panjerwa, kutsata chipupa, kukalowa pauna umene makoswe anaboola pangodya ya chipinda chanu, kenako n'kubwerera. Unawo ndinamata ndi dothi, makoswe anabowolanso. Anapiye onse alipo, ndikumawaona m'mawa ndi madzulo. Mazira sanasowe. Makoswe amene ankachita chikondwerero pamatumba achepako phokoso. Zonsezi zikuloza kwa chakusa. Koma zonsezi si mutu.

Kunoko anthu agawikana. Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Nasiyani, atamva anabwera ndi ndodo yawo, anaima patali n'kuwomba m'manja molunjika njerwazo. Akuti, "Amenewo ndi achemwali anga, abwera kudzaona dzina lawo. Njoka yanji yosaopa anthu, yolunjika chipinda cha malemu chokhachokha? Amene aiphe asadzapondenso pakhomo panga." Mkamwini wathu a Fanuwelo, bambo a mwanayu, aja a kabaza, anamvetsera mwaulemu chipewa chili m'manja. Amayi aang'onowo atachoka, a Fanuwelo anandiuza kuti, "Amayi, agogo ndinkawakonda, koma mwana wanga sangagone chipinda chimodzi ndi njoka." Apeza kale tayala lakutha ku Migowi. Akufuna Lachinayi aliyatse panjerwapo, anzawo atazungulira ndi zibonga. Koma poti ndi mkamwini ndipo pakhomo pano ndi panga, akudikira mawu anga. Amayi aang'ono atamva za tayalalo anangoti mkamwini wa dzulodzuloyu wayamba liti kuotcha eni mudzi.

Ine ndili pakati, ndipo tulo sindikutiona. Ndikatseka maso ndikumaona mwana wa kutsidya kwa mtsinje uja, amene mamba inamuluma ali pamphasa, dzanja lake linatupa mpaka kuphewa, ndipo mpaka lero zala zake sizitambasuka. Uja anali wamsinkhu woyenda kale. Nanga Esinala, woti thupi lake lonse likukwana m'manja mwanga muwiri? Azimayi kuchitsime akundiuzanso kuti njoka imatsata fungo la mkaka wa m'mawere. Inu munkati limenelo ndi bodza, njoka imatsata khoswe ndi chule basi. Ndikukhulupirira inu, koma mtima wanga sukumva.

Komanso ndikalola kuti aiphe, n'kupezeka kuti inali chakusa, ndiye kuti ndapha mlonda wa timatumba tochepa tomweti. Makoswe a chaka chino ndi aukali, sangatisiyire chofika nacho Khirisimasi, ndipo mayi woyamwitsa safuna njala. Amayi aang'ono nawo sadzandikhululukira, ndipo mwa abale anu atsala ndi okhawo. Zoti njokayo ndinu sindikuzikhulupirira kwenikweni. Inu simunalowepo m'nyumba ya munthu musananene odi, nanji kudzera pauna wa makoswe. Koma ndikanene motsimikiza kuti si inu, pakamwa pakundilemera.

Dzulo ndinayesa kulimba mtima. Ndinati ndikaione ndekha kumutu. Ndinavala majombo a kumunda, ndinamanga chitenje chachiwiri, ndinaika mpando patali ndithu ndi njerwazo. Poopa malovu ake m'maso, ndinabwereka magalasi akuda a a Fanuwelo, amene amavala pokwera njinga chifukwa cha fumbi. Ndinakhala pamenepo kuyambira dzuwa lili pamwamba pa phiri la Michesi mpaka litapendeka. Nkhuku zitayamba kulowa, ndinaona chinthu chikusuntha pakati pa njerwa zapansi. Inatulutsa mutu, amayi. Inaima pomwepo nthawi ndithu, ikungotulutsa lilime. Ndipo ine sindinaone kanthu. Ndi magalasi akudawo, kunja kukuchita kachisisira, mutu ndi njerwa zinali chinthu chimodzi. Ndinawavula msanga, koma nditangomva mphepo m'maso, zikope zinadzitsekera zokha. Potsegula ndinaonanso mchira womwe uja, ukukhota pangodya.

Ndinanyamula mpando wanga n'kulowa m'nyumba. Sindinauze aliyense. A Fanuwelo pofunsa ngati magalasi anathandiza, ndinangoti zikomo. Chimodzi chokha ndinganene: pamene ndinali kuiyang'ana sinadzutse khosi, ndipo nkhope yanga sinanyowe. Koma mwina sinandione. Mwina inandiyesa chitsa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Lero ndi Lachiwiri. Mundiyankhe lisanafike Lachinayi m'mawa, pamene a Fanuwelo adzabwere kudzamva mawu anga. Bwerani kutulo, ndiyesetsa kugona kuti mundipeze. Mubwere monga munalili, ndi mpango wanu wabuluu uja, mungondiuza mawu amodzi, chakusa kapena mamba. Ndikupemphani, musabwere mwanjira ina iliyonse yokwawa, chifukwa mukudziwa kuti ndidzathawa musanayankhule. Ngati ndi inuyo amene muli panjerwapo, ndiuzeninso, ndipo mudziwe kuti mwanayo tidzabwera naye kumanda akadzalimba khosi, simukuyenera kuvutika kudzera pauna.

Mukapanda kuyankha sindidzadandaula, mwina kumeneko makalata amachedwa. Koma ndikulonjezani ichi. Mawa madzulo ndikakhalanso pampando paja, wopanda magalasi. Nditenga lichero loti nditchingire nkhope ikadzutsa khosi, ndi tochi ya Tadala kuti mdima usandinamizenso. Ndikaona mizere, ndidzauza a Fanuwelo kuti tayala abweze, agule simenti pang'ono titseke unawo, matumba tisamutsire pabalaza, mlonda azilondera kunja. Ndikapanda kuona mizere, tayala liyaka, amayi aang'ono anene zimene anene, ndipo inu mudzandikhululukire.

Ndikuopa kwambiri, amayi. Ndili ndi imvi tsopano, koma ndikuopa monga ndinkaopera ndili kumbuyo kwa chitenje chanu. Kusiyana kwake n'kwakuti Lachisanu kumbuyo kwa chitenje changa kudzakhala Esinala, ndipo kutsogolo kwanga kulibe wina woti ayang'ane. Ngati kutulo simungathe kubwera, bwerani mawa dzuwa likamapendeka. Mudzaime kumbuyo kwa mpando, mudzandigwire paphewa, kuti ikadzatulutsa mutu ndisadzatsinzine.

Ndimakukondani, ndipo ndidikira.

Ndine mwana wanu,
Elube