Womasulira wa Apongozi

Lolemba, 3 Malichi

Apongozi afika. Zikwama ziwiri, ambulera, ndi diso lakumanzere loyera ngati mkaka. Ng'ala. Adokotala akuti opaleshoni kumapeto kwa mwezi, ndiye akhala nafe mpaka apo.

Bambo a ana anyamuka madzulo ano ndi lole. Mwayi wawo. Pomanga nsapato akuti, "Chonde musakangane. Amayi akapsa mtima amangomanga katundu, kaya opaleshoni kaya chiyani. Ndimawadziwa."

Tikangana bwanji? Iwo chathu sadziwa, ine chakwawo ndinathera pa moni. Zaka zonsezi m'banja, moni yekha. Lamulo la m'nyumba muno tinaika kalekale: bambo azilankhula ndi ana chakwawo, ine chathu, Chingerezi akachipeze kusukulu. Mapeto ake ana malilime atatu, mayi wawo limodzi ndi kachidutswa.

Womasulira akhala mwana wanga woyamba, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Timamutcha Loya chifukwa cha pakamwa. Mlongo wake Kabwana, wa zaka zitatu, amaphika zilankhulo zonse mumphika umodzi, sangathandize.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndinkawaopera chabe. Mayi abwino zedi. Masana ndimatseka shopu kudzawaphikira. Alawa msuzi, akwinya nkhope, alankhula mawu ataliatali. Loya akuti, "Agogo akuti manja anu ndi odala." Kukwinyako mwina ndi diso.

Shuga yekha ndiye akutha ngati tikumwa ndi nyerere. Ndinati, Loya, uwauze agogo ako kuti muno si mugolosale. Wawauza. Apongozi kumwetulira, kulowa kuchipinda, kundibweretsera mpango wakumutu watsopano. Manyazi andigwira. Munthu ukumudzudzula, iye n'kukupatsa mphatso.

Loweruka, 8 Malichi

Makina osokera adula ulusi tsiku lonse. Mayunifolomu a eni ake sanathe.

Mnzanga woluka tsitsi wa khomo loyandikana ndi langa ndi wakwawo kwa bambo a ana. Tapangana: iye andiphunzitse chilankhulocho, ine ndizimupindira masiketi. Ndikufuna tsiku lina ndiwathokoze apongozi ndi pakamwa panga, osati pobwereka.

Lilime langa ndi chikopa chouma. Woluka akuti ndikumveka ngati munthu wotafuna mbatata yotentha. Makasitomala ake apeza zoseketsa zaulere.

Lachitatu, 12 Malichi

Mawu aja a pa msuzi apongozi amawanena tsiku ndi tsiku, mpaka ndawaloweza. Lero ndawatchula kwa Woluka monyadira, ndati amenewa ndiwo madalitso anga. Anasiya mutu wa kasitomala uli theka, n'kukhala pansi, kuseka mpaka misozi. Tanthauzo lake: izi ngakhale mbuzi ikhoza kukana.

Mbuzi!

Ndabwerera kunyumba makutu akutentha. Pa chakudya chamadzulo ndatchera khutu. Mbuzi yatchulidwa kawiri. Loya, nkhope ngati ya mngelo: "Akuti mudzawaphunzitse kaphikidwe kanu." Kabwana anayamba, "Ayi, agogo ati mbu..." Loya wamutseka pakamwa ndi buledi.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndasoka thumba la malaya chadodolido, maganizo ali kwina. Ngati Loya akusintha mawu awo, nanga anga? Za golosale zija anawauza chiyani kuti ndilandire mpango?

Ndamuyesa. Ndati uwauze agogo ako kuti amaliza mkonono ngati lole ya bambo ako. Walankhula mofatsa, manja kumbuyo. Ndinamva ndekha mawu awiri amene Woluka anandiphunzitsa: "mayi" ndi "chikondi." Apongozi andisisita paphewa.

Mwana ameneyu akadzakula adzagulitsa anthu mchenga iwo ataima pamchenga. Ndaseka ndekha kubafa. Sindinamuuze kuti ndadziwa, ndione pomwe afike.

Lolemba, 17 Malichi

Aphunzitsi andiitanitsa. Lero sindikuseka.

Loya akuwodzera m'kalasi. Nthawi ya nkhomaliro ikamayandikira amati m'mimba mukupweteka, apite kunyumba. Mpira wamanja anasiya, chonsecho ankaukonda kuposa chakudya. Ine ndinkangoona wafika msanga, n'kumati sukulu za masiku ano n'zaulesi.

Panjira ndamufunsa. Tafika pageti ndiye akuti, "Ndikapanda kukhalapo muyambana, agogo apita, ndiye akhala akhungu." Anamva bambo ake tsiku lija.

Zandipweteka kwambiri. Kamwana kusenza akuluakulu awiri pamutu, ine ndi kamwa langali kumakawonjezera katundu. Ndimati ndikuchenjera pomuyesa, osadziwa kuti ndikumupatsa ntchito ina.

Lachisanu, 21 Malichi

Ulendo wa sukulu, kukaona fakitale ya mabisiketi. Loya anakana kupita. Ndamukweza m'basi ndi manja angawa, akulira, akundiuza kuti ndisathire mchere wambiri.

Patebulo: ine, apongozi, Kabwana. Sabata yonse ndakhala ndikuloweza ndi Woluka mawu aulemu. Amayi, ine ndine mwana wanu, tikhale mwamtendere. Ndinawakonza bwinobwino pakamwa. Alawa msuzi. Mbuzi.

Mawu aulemu onse kuthawa. Chimene chinatuluka, m'chakwawo chothyokathyoka: "Mbuzi yakana, amayi phika."

Supuni yawo gwe! Andiyang'ana ndi diso labwinolo. Kenako m'chathu, kalankhulidwe ka mwana weniweni: "Sindifuna! Iwe woipa! Ndikunenera!"

Kabwana kuwomba m'manja. Kani mphunzitsi wawo ndi ameneyu! Sukulu imalowa ine ndikapita kushopu, malipiro ake shuga wa pasupuni. Nawonso anali atayamba kale kumukayikira Loya. Monga ndamvera, theka kwa iwo theka kwa Kabwana, akuti palibe mkazi amene anganene za chikondi milomo itatupa chonchija.

Takangana mpaka tiyi kuzizira. Mchere. Makatani. Kuonda kwa mwana wawo, ngati ndine ndimamuyendetsa m'misewu. Mawu akatha, manja. Iwo "Changa!" ine "Mbuzi!" Sindinamvepo kukoma chonchi chibwerereni iwo.

Kenako ndinatchula Loya. Ndagwira pamimba panga, ndaloza diso lawo, ndaloza chitseko. Amva. Anyamuka, akatenga zikwama zawo zopanda kanthu, andilozera pamwamba pa kabati kuti ndizikweze, pamene iwo sangafikire. "Ine pita ayi," akutero.

Loweruka, 22 Malichi

Tamuchotsa ntchito Loya. Tamukhazika pakati, aliyense wamuuza m'chilankhulo chake. Sanakhulupirire. Ndiye tinayambana dala pamaso pake nkhani ya mchere, mwina osati dala kwenikweni. Iye maso pachitseko cha kuchipinda kwa agogo ake. Palibe anamanga katundu.

Wagona masana onse pampando, pakamwa yasa.

Bambo ake aimba foni kufunsa ngati kuli mtendere. Ndati kulibe, ndipo zikuyenda bwino. Akuti netiweki ikuvuta, sakundimva.

Lachisanu, 28 Malichi

Opaleshoni inali dzulo. Yayenda bwino. Polowa apongozi anandigwira nsalu ngati Kabwana tsiku la jakisoni, koma ndikadzanena adzakana.

Lero achotsa bandeji. Tafika kunyumba, ayendera chipinda ndi chipinda, apeza fumbi paliponse pamene ndinkadalira ng'ala ija. Atatha akhala pampando, andikokera pafupi, andigwira dzanja. Kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndiye mawu mbwee, othamanga, ine osatola kanthu.

Ndacheukira kwa Loya. Iye akuti, "Ndinene zoona kapena zanga?"

Ndati zoona.

"Akuti ankaganiza kuti adadi anakutengani chifukwa cha nkhope, popeza kuphika ayi. Tsopano aona, sakumvetsa."

Ndinafuna kuyankha, mawu ndinali nawo okwanira. Koma apongozi anapitiriza, motsitsa tsopano, pang'onopang'ono. Nthawi yomweyo anzake a Loya kuitana pageti, mpira ukugunda pansi. Ndati dikira, akuti chiyani apa? Iye ali kale pakhomo, nsapato imodzi m'manja. "Zinazo mumvana nokha."

Ndatola liwu limodzi lokha, alibwereza katatu: "mwana." Mwina amanena Loya. Mwina wa lole uja. Koma dzanja limene agwira ndi langa, ndipo ndikulemba izi ndi linzakelo, chifukwa agona osalisiya.