Makobidi 31 a m'golosale ya bambo

Pa 19 Meyi

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga mayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ine ndilipo, kungoti mtima suli m'malo chilandirireni kalata yanu pa 16.

Ntchito ikuyenda. Ndakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi pasitolo yogulitsa zinthu zakale ija, ndimapukuta fumbi ndi kulemba mitengo. Chipinda changa chikudontha chakukhomo, koma zimenezo n'zazing'ono.

Chandidetsa nkhawa ndi mawu anu akuti alamu apangana ndi wogula zitsulo zakutha kuti pa 27 adzatenge makina osungira ndalama a m'golosale ya bambo, popeza m'chipindamo mukulowa wometa tsitsi. Sindikutsutsa. Golosale inatsekedwa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Makinawo apite, ngakhale kuti belu lake ndimalimvabe ndikakumbuka fungo la sopo ndi palafini m'mawa potsegula. Koma m'kabokosi kake kokana kutseguka kaja muli chinthu chimene ndikudziwa ndine ndekha.

Chaka chilichonse, tsiku loyamba kutsegula, bambo ankapatula khobidi la munthu woyamba kugula n'kuliika pansi pa thireyi ya m'kabokosimo. Anatero zaka 31, ndiye makobidi alimo 31. Ankakumbukira mwini wa lililonse. La chaka chimene munabadwa inu linachokera kwa telala wa pakhonde uja, anadzagula singano imodzi yokha. Bambo anandionetsa atayamba kale kudwala, n'kundiuza kuti ndidzakuuzeni. Ine ndinkangoti ndidzanena ndikadzabwera. Zengerezu analinda kwawukwawu, kulakwa n'kwanga.

Lamya ndaimba kanayi: pa 16 kawiri, pa 17 kamodzi, ndi dzulo. Nthawi zonse akuyankha ndi alamu. Sindinawauze, poti mukuwadziwa, mankhwala awo a chinthu chokana ndi hamala. Atandifunsa chimene ndikufuna ndinangoti ndimati ndipereke moni, iwo n'kundiseka kuti anthu a m'tauni timagula ndi moni womwe.

Pempho langa ndi lakuti mutsegule nokha. Dinani batani lakumanzere kwenikweni, lopanda nambala, ndipo musalisiye. Ndi dzanja linalo bwezani chopukusira m'mbuyo pang'ono, kenako muchizungulize kutsogolo kawiri. Belu likalira, kabokosi katuluka. Likapanda kulira, donthezani mafuta a makina osokera patsinde pa chopukusiracho, mudikire tsiku limodzi. Musakakamize.

Makobidiwo mukawapeza musawatsuke, achemwali. Manja anu ndimawadziwa, chakuda sachilekerera. Pa 9 mwezi uno kusitolo kuno kunabwera mayi wina ndi makobidi akale atawakwecha ndi phulusa, akuwala ngati atsopano. Abwana anga anawabweza onse, akuti anthu osonkhanitsa makobidi amafuna kuda komweko, ndipo lokwechedwa latha ntchito. Mayiyo anaima pakhomo nthawi yaitali, osadziwa kolowera. Athuwa muwawerenge, muwakulunge m'kansalu kouma. Zogulitsa kapena ayi tidzakambirana, koma ine mtima wanga sukufuna.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole, akuti afika kumeneko pa 24 njira ikakhala bwino. Ndiye kuti mutsala ndi masiku atatu. Koma munalembanso kuti wogulayo akhoza kubwera tsiku lisanakwane akapeza galimoto, ndipo apa ndi pamene ndikuopa.

Ikakupezani makina atapita kale, musawalondole, ndiponso musakangane ndi alamu, sankadziwa. Mayi musawauze kuti munali kanthu mkatimo. Iwo akudziwa kuti chikuchoka ndi chitsulo chabe, zikhale choncho. Kalatayi muing'ambe, ine mungondilembera kuti makobidiwo mwawapeza kapena ayi.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu, azakhali ndi ana onse.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Kalaliki