Sumu wa apongozi

Lachinayi, ku Domwe. Kwazizira tsiku lonse, koma mtima uli myaa.

M'mawa adiretore, akulu a pashikola pomwe ndimaphunzitsa, anandituma kuchipata kukauza amayi ogulitsa kuti asiye sumu, chakumwa chofiira cha m'timapepala chija, ndi masiwiti, zikuwononga ana mano. Tsoka lake, mmodzi mwa amayiwo ndi apongozi anga, amene chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso.

Ndinaima chapatali n'kulankhula maso ali pansapato. Ine thukuta kamukamu, kuzizira konseku.

Kenako apongozi anatembenukira kwa mnzawo wogulitsa zitumbuwa. “Auzeni apulofesoriwo kuti tamva. Mdzukulu wanga yemwe sanagone ndi dzino sabata yatha. Mawa ndibwera ndi mbatata yophika ndi mtedza.”

Mmodzi anang'ung'udza kuti ana sagula za kumunda, koma enawo anavomera.

Madzulo ano Marita, mkazi wanga, waseka mpaka misozi nditamufotokozera. Akuti mayi ake alamula kuti woyamba kugula mbatata mawa ndikhale ine, ana aonere. Kugula ndigula. Koma ndikailandira bwanji m'manja mwawo, shikola yonse ikuyang'ana...