Katemera Wachiwiri wa Mwana Wanga

Lolemba, 6 Meyi
Foni ya malemu mkazi wanga yalira masana, ndili mkati mopala thabwa. Ndimaitchajabe, kaya chifukwa chiyani. Uthenga wochokera kuchipatala: amayi akumbukire katemera wachiwiri wa mwana wawo wamkazi, Lachisanu sabata yamawa. Wachiwiri? Nanga woyambayo anabayitsa liti? Zoterezi ankazidziwa ndi amake. Ine ndi matabwa anga basi.

Lachitatu, 8 Meyi
Ndamufunsa mtsikanayu akuchapa yunifolomu. Akuti anapita ndi amake chaka chatha, asanagonekedwe. Katemera woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Yomwe ija inatitengera amakeyo. Sanandiyang'ane ponena, nanenso ndinangoti oho, n'kubwerera kushedi. Chitseko cha aphunzitsi ndachipala mpaka chachepa. Thabwa lina ndilo lifunike tsopano.

Loweruka, 11 Meyi
Alamu anabwera, achemwali a malemu. Nkhani aimva kale, kaya kwa yani. "Jakisoni ameneyo amatseka mimba, alamu, mudzalira zidzukulu." Sindingawanyoze, anatigwira dzanja matenda onse aja. Komatu amene ankachapa nsalu zamagazi ndine, osati iwo. Atapita mantha anandigwira ndithu. Bwanji ngati akunena zoona?

Lachiwiri, 14 Meyi
Uthenga wabweranso, womwewo. Makinawa sadziwa maliro. Ndinatseka shedi n'kupita kwa alangizi a zaumoyo. Akuti za mimbazo n'zongokamba anthu, ana awo aakazi onse anabayitsa. Anandiuza ndimufunse mwiniwake. Zoona, ndinali ndisanamufunse! Nditamufunsa mwanayo kunyumba, anayankha akusesa, "Amayi anati ndisadzaphonye. Koma ndekha ndikuopa, ababa."

Lachisanu, 17 Meyi
Tapita panjinga, iye kumbuyo. Benchi yonse amayi okhaokha ndi ana awo, mwamuna ine ndekha, utuchi uli m'mutu. Mayi wina wa pakamwa posatopa, "Abambo, mwasochera kapena nanunso mubayitsa?" Anthu kuseka. Manyazi anandigwira koma sindinasunthe. Pobayidwa mwanayo anandifinya chala mpaka dzanzi. Kakono kowonda ngati ka amake.

Anamwino anafunsa ngati nambala ya kholo idakali yomweyo. Mwanayo ndiye anatchula yanga, yonse pamtima.

Alamu sanandiyankhe moni pobwerera. Ziwatha.

Lolemba, 20 Meyi
Mkono wasiya kupweteka, mwanayo wapita kusukulu. Madzulo foni yanga yalira tikudya. Ndinamupatsa awerenge, magalasi anali kushedi. Zikomo amayi, mwana wanu wamaliza katemera. Amayi, ine kalipentala wandevu zanga! Anaseka mpaka kutsamwa, ndinachita kumumenya pamsana. Chimwalirireni amake sindinamumve akuseka choncho.

Akuti mawa tikawauze achipatala akonze. Ndakana. Aisiye momwemo.